Ana 118 mu Std 4, English amangoyimba ngati nyimbo, ndithandizeni ndi masewera

Madam Std 4, Dowa:
Moni aphunzitsi anzanga nonse mu gulupu muno, pepani ndilemba zambiri koma nkhaniyi yandisowetsa mtendere. Ndili ndi Std 4 ya ana 118 mu register, tsiku labwino amabwera 100 kapena kuposerapo pang'ono, madesiki alipo 14 okha ndiye ambiri amakhala pansi. Tili pa mawu aja a in, on, under, behind, between. Ndikanena "the cup is under the table" kalasi yonse imabwereza mokweza mpaka a hedi kumva ku ofesi, ukamva iwe ungati ana awa akudziwa. Koma ndikaika kapu pansi pa tebulo nkuloza mwana mmodzi kuti "where is the cup?" amangondiyang'ana, apo ayi amayankha "on the table" chifukwa ndi chiganizo chomwe tinayamba nacho. Lachitatu ndinayesa masewera othamangira pa bolodi, magulu awiri, ndikatchula liwu mmodzi wa gulu lililonse athamange akaligwire. Ana anadzuka onse nthawi imodzi, kamtsikana kena kanapondedwa nkusupuka bondo, madam a Std 3 anachita kubwera kudzadandaula phokoso. Anawa chaka chamawa akulowa Std 5 komwe maphunziro onse kupatula Chichewa ali mu English, ndiye mtima ukundipweteka. Anzanga mumatani?

Sir Std 3, Mchinji:
Madam pepani ndi za mwanayo, ali bwanji pano? Masewera othamangawo ngabwino kwa amene ali ndi ana 25, ife sangatithandize, chifukwa onani, akusewera ndi ana awiri pomwe 98 akungoonerera, ndipo mwana woonerera ndi amene amayambitsa chisokonezo. Ine ndimafuna masewera oti aliyense akhale ndi chochita ali pamalo pake pomwepo. Chitani chonchi, mwana aliyense abwere ndi kanthu kamodzi kakang'ono, ayike buku lake patsogolo. Inu muziti "put it under the book", "put it on the book", "put it behind you". Mukangoponya maso mukuwona kale amene wasokoneza, sangabisale mu kolasi ya kuyankhira pamodzi ngati muja amachitira pobwereza.

Madam Std 4, Dowa:
Ali bwino sir, ndinamutsuka bala ndipo ndinakawafotokozera mayi ake. Kanthu kake kakhale mwala?

Mayi Std 2, Zomba:
Ayi mwanawe mwala ayi, ana 100 ali ndi miyala mmanja mawa lake tidzamva kuti wina wapita kuchipatala. Auzeni abwere ndi chitsononkho kapena chitsekerero cha botolo. Nyengo ino zitsononkho zili mbwee pakhomo lililonse, ndipo ngakhale wina amugende nacho mnzake sichipweteka kwenikweni. Ine ndinayamba ntchito mu 1994 pulayimale itangokhala yaulere, ana anadza ngati madzi osefukira, ndinaphunzitsa pansi pa mtengo wa mango zaka zitatu bolodi nditatsamiritsa pa thunthu. Zomwe timazitcha TALULAR panozi, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo, ife tinazichita tisanadziwe nkomwe dzina lake. Ine ndili ndi thumba la zitsekerero mu kalasi, Lachisanu lililonse timaziwerenga kuti zisasowe, zimagwira ntchito pa Masamu komanso pa English.

Ndionjezere pa zomwe anena a sir aku Mchinji. Iwo akupatsani gawo loti ana amve, koma vuto lanu ndi loti sakuyankhula paokha. Ndiye mukasewera nawo ka 6 kapena ka 8, siyani, muwauze atembenukirane awiriawiri mmene akhaliramo. Wina akhale mphunzitsi azilamula, "put it under the book", mnzakeyo achite, kenako wolamula uja afunse "where is it?" winayo ayankhe. Mukawomba mmanja asinthane. Pamenepo ana 50 akuyankhula English nthawi imodzi, pomwe mukamaloza mmodzimmodzi piriyodi yonse angayankhule ana 6 okha, ndipo amakhala omwewo akutsogolo aja.

Sir Std 8, Kasungu:
Ine ndiyankhule zoona ngakhale zisakome. Ana akamafika kwa ine ku Std 8 ena sadziwa kulemba chiganizo chimodzi cholongosoka, ndipo ndimamva kuti kumunsiku amangoyimba ndi kusewera. A MANEB pa PSLCE safunsa masewera, amafuna mwana awerenge, amve funso, alembe. Komanso inu a Std 1 mpaka 4 muli ndi teacher's guide ya NRP, pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga ija, yomwe inalembedwa kale ndondomeko yonse, a PEA, alangizi oyendera sukulu za pulayimale aja, akabwera nkupeza mukusewera zitsononkho mmalo motsata guide mudzawauza chani?

Mayi Std 2, Zomba:
A sir, dandaulo lanu ndikulimva ndipo si labodza, alipo anzathu amene amayimbitsa ana nyimbo piriyodi yonse kuti nthawi ithe. Koma tsegulani guide imeneyo muone, kuyambira pomwe NRP inayamba mu 2016 ndondomeko yake ndi I do, we do, you do. Mphunzitsi achite, tichitire limodzi, kenako mwana achite yekha. Chomwe chimachitika mmakalasi mwathu nchoti you do timaidumpha chifukwa ana achuluka, timathera pa we do, ndiye kolasi imene akudandaula madam aku Dowayo. Masewera a awiriawiri aja ndiye you do yeniyeniyo. Mphindi 6 kapena 7 basi, osati piriyodi yonse.

Sir Std 8, Kasungu:
Ngati zili choncho ndilibe nazo vuto mayi, koma pomaliza alembeko. Ngakhale ziganizo ziwiri mu kope, chimene wachita ndi manja achione pa pepala.

Madam Std 4, Dowa:
Zimenezo ndizitenga sir. Koma nkhawa yanga ina, ndikawasiya awiriawiri sazingoyankhulana Chichewa? Ine sindingamve magulu 50 nthawi imodzi.

Sir Std 4, Mangochi:
Adzayankhula Chichewa inde, ena adzangocheza, musayembekezere kuti onse 100 alowa mu mzere tsiku loyamba. Kuno kwanga ana ambiri kunyumba amayankhula Chiyao, Chichewa amachipezera pasukulu ndi pamsika, English nkukhala chiyankhulo chachitatu, ndiye ndinaphunzira kuleza mtima. Chomwe chimandithandiza ndi kulemba ziganizo zake pa bolodi ndi zilembo zikuluzikulu, funso mbali ino yankho mbali iyo, malo a liwu losinthalo nkusiya mpata. Mwana akasowa chonena amadzutsa mutu nkuwerenga. Ndipo malamulo a masewera ndimafotokoza mu Chichewa kamodzi mwachidule, sindichita nazo manyazi, chifukwa ukafotokoza mu English umatha mphindi 10 ana asanamve chomwe akuyenera kuchita. Musanawamasule itanani ana awiri ochangamuka achite kutsogolo anzawo aone.

Chinthu chimodzi ndikupempheni, musalange mwana chifukwa wayankhula Chichewa. Ife tinakulira pa sukulu zomwe ukayankhula chilankhulo chakwanu umapatsidwa chibalo, chotsatira chake timangokhala duu tsiku lonse, English yake osaidziwabe.

Madam Std 1, Ntcheu:
Za phokoso madam gwirizanani ndi ana chizindikiro choimira musanayambe. Ine ndimawomba mmanja katatu iwo nkuyankha kawiri kenako manja pamutu. Tinayeserera chimenechi chokha masiku awiri tisanayambe masewera alionse. Komanso auzeni a Std 3 aja nthawi yomwe muzichita, kapena tulukani panja ngati kulibe mvula, pansi pa mtengo phokoso silimveka ngati mkalasi ya malata.

Sir Std 3, Mchinji:
Poti tayamba ndiikeponso ina yomwe imandithandiza pa katchulidwe. Tonse tikudziwa nkhani ya l ndi r, mu Chichewa kwathu ndi liwu limodzi, kaya unene "kulira" kaya "kulila" aliyense akumva, ndiye khutu la mwana silinazolowere kusiyanitsa. Mu English zimasintha tanthauzo, play ndi pray, glass ndi grass, light ndi right, rice ndi lice. Ine ndimajambula tambula pa katoni nkupachika khoma lakumanzere, udzu khoma lakumanja. Ndikati "grass" aloze, ndikati "glass" aloze. Poyamba amangoonera anzawo, ndiye ulendo wachiwiri ndimati tsinzinani, aloze ali chitsinzinire. Apo mpamene umadziwa zoona zake, tsiku loyamba pafupifupi theka la kalasi linaloza kolakwika. Ndimawaonetsanso pakamwa panga, pa l lilime likugunda kuseri kwa mano akumwamba, pa r silikugunda paliponse. Akayamba kumva kusiyana ndimaitana mwana kuti atchule iyeyo, anzake aloze, akaloza komwe iye samatanthauza amadziwa yekha kuti lilime lamupusitsa, ine osanenapo kanthu.

Madam Std 1, Ntcheu:
Imeneyo ya makoma awiri imagwiranso pa he ndi she sir. Kwathu "iye" ndi mmodzi yemweyo mwamuna kaya mkazi, nchifukwa chake mpaka ana a sekondale amati "my mother he is cooking". Ndimaimiritsa mnyamata uku mtsikana uku, wina akudumpha wina akusesa, ndikati "she is sweeping" aloze.

Sir Std 4, Mangochi:
Ndi ship ndi sheep, sit ndi seat, ife mavawelo tili nawo 5 okha pomwe English ili ndi ochuluka. Koma madam aku Dowa musatenge zonsezi nthawi imodzi, yambani ndi ya zitsononkho ija sabata yonse mpaka ana aizolowere, mukasintha masewera tsiku lililonse nthawi imathera pofotokoza malamulo. Masewera amodzi omwewo mungosinthamo mawu.

Mayi Std 2, Zomba:
Eya. Ndipo panthawi ya break onani atsikana anu akamasewera phada. Ine ndinawapatsa lamulo limodzi lowonjezera, poponya mwala mmwamba utchule liwu la English la gulu lomwe mwagwirizana, kaya nyama kaya za kukhitchini, goat, hen, cow, ukabwereza lomwe latchulidwa kale kapena ukasowa ndiye wafa alowe mnzako. Sindinawakakamize, ndinangosewera nawo tsiku limodzi nditakhala pansi pa fumbi pompo, pano amachita okha ndipo amabwera kudzandifunsa kuti mayi, bakha pa English ndi chani. Anyamata amachita chimodzimodzi ndi mpira wa majumbo, akhala bwalo la anthu 8, woulandira atchule liwu.

Madam Std 4, Dowa:
Zikomo kwambiri nonse, ndalemba mu kope. Lolemba ndiyamba, ndidzakuuzani.

Madam Std 4, Dowa:
Anzanga ndabweranso monga ndinalonjezera. Lolemba anabwera ana 97, zitsononkho zinabwera 60 zokha ndiye tinathyola pakati zina kuti zikwane. Tsiku limenelo kunena zoona linali lovuta, kuwomba mmanja sanamve, ndinachita kukweza mawu, ndipo awiriawiri aja ambiri amangoseka. Lachiwiri ndinayamba ndi kuyeserera chizindikiro chokha monga ananenera madam aku Ntcheu, zinasintha. Pofika Lachinayi ndimayenda pakati pawo ndikumva "where is it?" "it is under the book" mbali zonse, ena akulakwitsa koma anzawo omwe akuwakonza.

Chomwe chandikhudza ndi mnyamata wina wamkulu amene akubwereza Std 4, amakhala pakona kumbuyo ndipo chiyambire teremu sindinamvepo mawu ake mu English. Ndikudutsa ndinaona waika chitsononkho pamutu, akumufunsa mnzake "where is it?" mnzakeyo kusowa, iye nkumuuza yekha pang'onopang'ono "it is on my head". Chiganizo chimenecho sindinawaphunzitse ine, panalibe pa bolodi, wachimanga yekha. Ndinamuuza achitenso kutsogolo, anakana ndi manyazi, ndinamusiya.

A sir aku Kasungu, Lachisanu ndinawalembetsa ziganizo zitatu, ndimaika chitsononkho penapake iwo nkulemba chomwe akuona. Mwa ana 94 amene analipo, 58 anakhoza zonse pa in, on ndi under. Koma behind ndi between zikadali zosokonekera, ambiri akulemba between paliponse, ndikuganiza kuti akumva "be" woyambirirayo nkungoganizira.

Sir Std 8, Kasungu:
58 pa sabata imodzi si zochepa madam. Makope a 36 otsalawo muwapatule muone ngati akulakwitsa tanthauzo kapena sipelo chabe, ndi mavuto awiri osiyana amenewo.

Mayi Std 2, Zomba:
Behind ndi between musaziphunzitse tsiku limodzi. Between imafuna zinthu ziwiri, ndiye apatseni buku ndi cholembera, chitsononkho chilowe pakati, kapena akhale atatuatatu wapakatiyo anene "I am between" nkutchula maina a anzake awiriwo. Behind muisunge mpaka Lachinayi. Mnyamata wapakona uja mumpatse thumba la zitsononkho azigawa ndi kutolera ndi iyeyo.

Madam Std 4, Dowa:
Chabwino mayi, ndiyamba ndi atatuatatu mawa. A sir aku Mchinji mundijambulireko makatoni anu a glass ndi grass aja munditumizire ku inbox, ndikufuna ndione kukula kwa zilembo kuti akumbuyo aziona.