Za habu yoterereka pa shafiti ya loboti: chomwe chathandiza

Funso linali loti, n'chifukwa chiyani magudumu a loboti ya mpikisano wa maloboti wa FIRST Robotics Competition amaterereka pa shafiti yobulungira ngakhale set screw (kabauti kopanikiza gudumu ku shafiti) itamangidwa zolimba?

Gwero lake ndi loti set screw imaluma pamalo amodzi okha. Loboti ikatembenuka mwadzidzidzi kubwerera m'mbuyo, nsonga yake imakanda kamzere pa shafiti, basi habu (chitsulo chapakati cholumikiza gudumu ku shafiti) n'kuyamba kuzungulira payokha. Kumanganso sikuthetsa vutoli.

Chathandiza ndi shafiti ya hex (ya mbali 6) ya 1/2 inchi, chifukwa mphamvu ya mota imagawikana pa mbali zonse 6. Sankhani shafiti ya aluminiyamu wa mtundu wa 7075. Wa 6061 amapindika msanga. Habu imangidwe ku gudumu ndi mabauti 6 a saizi ya 10-32 pa bwalo la mainchi 1.875.

Ngati gudumu lili kunja kwa fulemu, ikani mabeyaring'i awiri a mainchi 1.125, imodzi mbali iliyonse ya chubu cha fulemu cha mainchi 2x1. Gudumulo liyandikire chubu momwe zingathekere, poti likatalikira, shafiti imakhota loboti ikagundidwa m'mbali.

Apa pokha chonde samalani: musaseme mzere wa snap ring (kamphete kotsekera zinthu pa shafiti) pakati pa sprocket (giya ya tcheni) ndi gudumu. Pamenepo ndi pomwe mphamvu yonse imadutsa, ndipo shafiti imathyokera pamzere womwewo. Bolani kuboola kumapeto kwa shafiti, kudula mazinga a saizi ya 1/4-20, n'kumanga bauti ndi washala, mutadontheza threadlocker (guluu woletsa bauti kumasuka) pang'ono. Mpata wotsala mutseke ndi ma spacer (timphete todzazira mpata).

Pa loboti ya magudumu 6, apakati atsike ndi 1/8 inchi kuti loboti izikhota mosavuta.