Kodi mu ndege timapereka ya fanta?

Mwana wa ku Nchalo:
Abale, thandizeni. Mayi akukwera ndege koyamba mwezi wamawa, kuchokera ku Chileka kupita ku Johannesburg kukaona adzukulu. Akuti munthu sungadye chakudya cha eni n'kungodzambatuka, ndiye akufuna kukonzeratu kangachepe ka atsikana a mu ndege aja, kuphatikizapo mtolo wa nzimbe. Ndani amapatsidwa pa ulendo wotere, ndipo zingati?

Malume wa ku Ngabu:
Mphwanga, nzimbezo zitsale ku Nchalo konko. South Africa salola zomera kapena nyama kulowa popanda chilolezo, ndipo mpeni wosendera sungadutse pa makina ofufuzira katundu wa m'manja.

Ogwira ntchito mu ndege sapatsidwa ndalama yowathokoza. Chakudya, tiyi ndi madzi zinalipiridwa kale mu tikiti, ndipo ntchito yawo yeniyeni ndi chitetezo: kutseka zitseko, kuona malamba, kutulutsa anthu pakagwa ngozi. Makampani ambiri amawaletsa kulandira, choncho mayi akatambasula dzanja mtsikanayo akana, kenako onse awiri manyazi. Ku America kuli Frontier Airlines imene mu 2019 inayamba kulola wogwira ntchito aliyense kusunga yekha zimene wapatsidwa, koma kumeneko zakumwa amachita kugulitsa. Pa ndege ya ku Joni "zikomo" akwanira. Angathe kunenanso "takhuta" wakwathu, zikomo wa Chisena, bola asadabwe akawabweretsera madzi ena.

NaPhiri wa ku Bangula:
Zoona achimwene, koma pansi ndiye pofunika kukonzekera. Wonyamula katundu ndi amene amapatsidwa. Ku Chileka K2,000 pa chikwama ndi yabwino. Ku O.R. Tambo, bwalo la ndege la ku Joni, akonze R10 kapena R20 pa chikwama, ndipo ikhale rand, chifukwa kwacha kumeneko palibe amene angailandire.

Pamene ambiri amalira ndi pa chenje. Kosinthitsa ndalama amakonda kupereka ma R100 ndi ma R200, ndiye ukatulutsa R200 wonyamulayo amangoti alibe chenje, yapita imeneyo. Pemphani ma R10 ndi ma R20 osachepera asanu. Tindalama timeneti tikhale m'thumba lapadera. Mayi asamasule mfundo ya chitenje pagulu pamene pali ndalama zonse za ulendo, maso pabwalo paja ndi ambiri.

Chinanso, asanapereke chikwama aone khadi la ntchito pachifuwa, ndipo agwirizane mtengo munthuyo asananyamule. Zimafanana ndi oitanira minibasi pa Thabwa: akagwira chikwama poyamba, mtengo amatchula ndi iyeyo. Ngolo zokankhira katundu n'zaulere, ngati mayi ali ndi mphamvu angakankhe okha.

Ngati miyendo imavuta, pemphani njinga ya olumala pogula tikiti, pasanatsale maola 48. Bwalo la O.R. Tambo n'lalikulu, kuchoka pa ndege kukafika potulukira ndi kamtunda. Thandizoli n'laulere. Wokankhayo mukhoza kumuthokoza ndi R20 kapena R50, koma sakakamiza.

Mphunzitsi wa ku Nsanje Boma:
Ndiwonjezepo chimodzi chimene sichoseketsa. A Immigration, a MRA, apolisi ndi oyeza katundu pa kauntala asapatsidwe chilichonse, ngakhale ya fanta. Kwa iwowa dzina lake ndi chiphuphu, ndipo lamulo la Corrupt Practices Act limagwira wopereka ndi wolandira yemwe. Mayi akhoza kupereka ndi mtima woyera, koma kamera siona mtima.

Chikwama chikapitirira muyeso, umene nthawi zambiri ndi makilogalamu 23 pa chimodzi, onani pa tikiti, ndalama yoonjezera imalipiridwa pa kauntala ndipo amapereka lisiti. Wina akanong'oneza kuti "ndikudutsitsirani", akane. Yezani kunyumba pa sikelo ya thonje kapena ya nandolo musanakwere phiri lopita ku Blantyre, zotsala zitsale pakhomo.

Akadya mu lesitilanti ya ku Joni yokhala ndi woperekera, mwambo wa kumeneko ndi 10 peresenti: bilu ya R180, alipire R200 yonse pamodzi. Ayambe aona ngati sanaiwonjezeremo kale. Pogula cha pa kauntala n'kunyamula okha, palibe chosiya.

Mwana wa ku Nchalo:
Takhuta nonse. Ndawauza, nzimbe avomera kusiya. Tsopano akufunsa za woyendetsa ndege, akuti ndiye wagwira ntchito yaikulu.

Malume wa ku Ngabu:
Ameneyo sadzamuona n'komwe, chitseko chake chimakhala chokhoma ulendo wonse. Ndege ikatera bwino amuombere m'manja, ena amatero.