Ndinavomera ukaputeni wa ku New York, zikomo nonse

Abale anga, ndabwera kudzatseka nkhani ija. Ine ndine woyendetsa ndege, ndipo ndinafunsa pano ngati ndivomere ukaputeni ku New York kapena ndikhalebe wothandizira kaputeni kuno ku Chicago, komwe ndinkasankha ndekha masiku opuma. Zikomo nonse amene munandiyankha, makamaka achikulire aja amene anati ndisamangoona malipiro, ndiyambe ndaona pomwe nambala yanga ya seniority (malo anga pa mndandanda wa oyendetsa ndege a pa kampani yathu) idzandiika pakati pa makaputeni a kumeneko.

Nditawerengera, ndinapeza kuti ndidzakhala kumapeto kwenikweni. Ndinavomerabe titakambirana ndi mayi a kunyumba. Mpata umapezeka msanga ku New York chifukwa ambiri sakufunako: moyo ndi wodula. Panopa ndili pa reserve, kutanthauza kudikira foni yondiitana ku ntchito, m'nyumba yomwe timasonkherana lendi oyendetsa ndege angapo. Malipiro akwera ndithu, koma Khirisimasi ndinagwira ntchito, ndipo kusowa ana kumandipweteka kuposa momwe ndinkaganizira.

Kwa amene akubwera m'mbuyomu: nambala ija imachokera pa tsiku lomwe kampani inakulembani, osati pa luso. Mukadikira simutaya malo. Mukadzakhala kaputeni mudzaposa onse olembedwa inu mutayamba kale. Koma mukasamukira kampani ina mumayambira pansi, ngakhale muli ndi zaka 20 mukuuluka. Mndandanda umayenda makamaka anthu akamapuma pa ntchito akafika zaka 65 kapena kampani ikamagula ndege zina. Werenganinso mgwirizano wa ntchito musanasankhe, chifukwa mukaphunzitsidwa udindo watsopano makampani ambiri amakumangani pomwepo kwa kanthawi.