Lenzi ya 50mm yojambulira zakudya: ndigule kapena ndidikire?

Wa ku Kamuzu Road: Abale, ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Salima, koma tsopano eni malo ogona alendo ku Senga Bay ayamba kundifunsa zithunzi za zakudya zoika pa Facebook. Ndili ndi kamera ya Canon 600D ndi lenzi yake ija ya 18-55mm. Wina akugulitsa lenzi ya 50mm f/1.8 (nambala ya f ikachepa, bowo lolowetsa kuwala limakula) yogwirapo kale ntchito pa K280,000. Ndigule?

Mnyamata wa ku Chia: Achimwene, musanapereke ndalama iunikeni ndi tochi mkati. Ine munthu wina wa ku Lilongwe ananditumizira pa basi lenzi yodzaza chuku, zithunzi zonse mbuu. Nditamuimbira akuti ndi chinyezi cha kwathu kunyanja. Mpaka lero foni sayankha, K200,000 yanga inapita choncho.

Madala a Nikon: K280,000? Akukuberani. Yatsopano ndinaiona pa K250,000.

Wa ku Kamuzu Road: Liti, madala?

Madala a Nikon: 2022.

Asisi a Makeke: Madala, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo umenewo uiwaleni. Koma achimwene, vuto lanu si lenzi. Chakudya chimafuna kuwala kochokera m'mbali. Ikani tebulo pafupi ndi zenera, zimitsani babu, mbali inayo muimike pepala loyera kuti mthunzi ufewe. Chambo chootcha chipakeni timafuta pang'ono nthawi yomweyo yojambula, chikazizira khungu limauma ndipo sichikopanso munthu. Mpunga wa kilombero muumwaze ndi foloko, osaupanikiza ndi chipande. Ine makeke anga ndimajambula ndi foni basi ndipo maoda sasowa.

Madala a Nikon: Foni si kamera, asisi. Ine ndili ndi malenzi asanu, azungu a ku Senga Bay amandidziwa.

Mnyamata wa ku Chia: Nanga amene anandibera uja ndimupeza bwanji? Alipo akudziwa njira?

Wa Dwangwa: Gulani 50mm ya kampani ya Yongnuo, ndi yotchipa, ntchito yake yomweyo.

Asisi a Makeke: Si yomweyo, imachita phokoso ndipo imachedwa kugwira chinthu kuti chioneke bwino. Komanso pa 600D, 50mm imaona ngati 80mm, kutanthauza kuti imayandikitsa zinthu ndipo imaona malo ochepa. Mukafuna kujambula tebulo lonse kuchokera pamwamba mudzakwera pampando. Mukaitsegula bowo mpaka f/1.8, diso la nsomba lokha ndi lomwe lioneke bwino, tomato ndi nsima zonse zisokonekera. Pa chakudya muzikhala cha pa f/4 kapena f/5.6, ndipo 18-55 yanuyo imafika pamenepo.

Wa ku Kamuzu Road: Ndiye mukuti ndisagule? Mwini wake akuti pofika Lachisanu aipereka kwa wina.

Wa Dwangwa: Onse amatero. Muuzeni K220,000.

Madala a Nikon: Kondowole ajambuleni ndi lenzi iliyonse, akhalabe kondowole.

Mnyamata wa ku Chia: Madala, kondowole musamunyoze. Achimwene, wogulitsayo ndi wa ku Lilongwe? Ndifunseni kuseri kaye.