Zilembo za tar mumazisunga bwanji m'mutu?

Moni abale nonse. Ndili ku Ulongwe, ku Angónia, ndimasamalira makompyuta oyendera Ubuntu (mtundu wa Linux) pa kasukulu kena. Intaneti kuno ndi ya pafoni, mamega amatha msanga, ndiye mafayilo ndimayamba ndawapanikiza ndisanawatumize ku Tete.

Ndimagwiritsa ntchito tar, pulogalamu yomanga mafayilo pamodzi, yomwe umaiuza chochita ndi zilembo. Kupanikiza ndi tar -czvf, kumasula ndi tar -xzvf, apa palibe vuto. Koma ikangobwera fayilo ya .tar.bz2 kapena .tar.xz mutu umaima. j wamng'ono ndi wa bzip2, J wamkulu ndi wa xz (njira zina zopanikizira), awiriwa amandisokoneza kwambiri. Komanso f uja amafuna dzina la fayilo limutsatire pompo.

Kodi tar -xf payokha ndingaidalire pomasula mitundu yonseyi? Amene munaika alias (dzina lachidule la lamulo lalitali) mu fayilo ya .bashrc, chonde ndionetseniko momwe munalembera.