Mwana wanga ali ku Edinburgh koma sakutuluka m'chipinda, ndimuuze azipita kuti?

Mayi wa ku Mchengautuba:

Monire nonse. Ndabwera ndi nkhawa ya ukholo. Mwana wanga wamkazi wachisamba adapita ku Edinburgh, ku Scotland, mu Seputembala kukachita maphunziro a digiri yachiwiri. Tsiku lomuperekeza kudepoti tidavina, koma pano akaimba foni pa WhatsApp ndimangoona khoma lomwelomwelo kumbuyo kwake, katani yotseka, iye atadzikulunga m'bulangete. Ndikafunsa kuti wapitako kuti sabata ino, akuti kukalasi ndi kusitolo basi. Lamlungu lapitali adalira, akuti wapukwa.

Chikundiwawa n'choti mwanayu adakula ndi mabuku. Ali kusekondale ankayenda wapansi kupita kulaibulale m'tauni Loweruka lililonse, mvula kaya dzuwa, ndipo laibulale ya ku Mzuni itapsa mu Disembala 2015 adakhala tsiku lonse osadya ngati kwagwa maliro. Lero ali mumzinda womwe amati ndi wa alembi, koma palibe chimene wawonako. Ndalama zake n'zowerengeka. Inu amene mudakhalako, kuli malo aulere oti munthu n'kukapitidwa mphepo, makamaka okhudza mabuku? Ndikufuna ndikamuimbira ndimutchulire dzina la malo, osati kumangoti "uzituluka mwanawe".

Bambo wa ku Katoto:

Amayi, ine ndidakhala zaka ziwiri mumzinda umenewo, ndipo miyezi itatu yoyamba ndidali ngati mwana wanuyo. Chidanditulutsa ndi paki ya Princes Street Gardens, pakati penipeni pa tauni, ndipo salipiritsa. Kale pamalopo padali nyanja yaing'ono yonunkha, yotchedwa Nor Loch, adaiphwetsa n'kudzalapo kapinga ndi mitengo.

Mumuuze ayambire kusiteshoni ya sitima ya Waverley. Dzina limenelo lidachokera ku buku la Walter Scott. Akangotuluka adzaona chipilala chakuda, chosongoka ngati nsanja ya tchalitchi, chotalika mamita 61, chomangidwa pokumbukira mlembi yemweyo. M'kati mwake muli masitepe 287, koma kukwera n'kolipira, ndiye ayambe wasiya. Chimene ndikufuna akaone chili pambali pake: chiboliboli cha David Livingstone, Baibulo lili m'manja, chikopa cha mkango chili kumbuyo. Tsiku loyamba kuchiona ndidaima nthawi yaitali, mphuno ikuchucha ndi chisanu. Munthu amene tidamuloweza ku pulaimale, uyu ali apa, anthu akungomudutsa ndi makapu awo a khofi. Ndidamva ngati ndapeza wachibale pamsika wachilendo.

Ndidayamba kupita Loweruka lililonse ndi fulasiki ya tiyi ndi buku. Mabenchi a m'pakimo ali ndi timalata tolembapo mayina a anthu omwalira, abale awo ndiwo adalipirira. Ine ndidasankha limodzi loyang'ana kulinga lachifumu la Edinburgh Castle, lomwe lili pamwamba pa thanthwe. Ikakwana 1 koloko masana amawomba mzinga kuchokera kumeneko, tsiku lililonse kupatula Lamlungu, Lachisanu Loyera ndi tsiku la Khirisimasi. Mumuchenjeze, ine ulendo woyamba tiyi adatayikira pathalauza.

Chakumadzulo kwa pakiyo, pakati pa timitengo ta makungwa oyera, pali kamwala kakang'ono kokumbukira mlembi wina, Robert Louis Stevenson. Uyu adabadwira mumzindamo mu 1850, adakula akudwaladwala chifuwa, ndipo nyengo ya kwawo komweko idamukanika. Adakamwalira ku Samoa mu 1894, kudziko lotentha. Zimenezi zidandilimbitsa mtima kwambiri. Ngati mwana wa m'mudzimo adachithawa chisanu chimenecho, ine wa ku Katoto kunjenjemera sichinali cholakwa.

Kukagwa mvula akwere kamtunda kupita ku Writers' Museum, m'kanjira kopapatiza kotchedwa Lady Stair's Close. Ndi nyumba yakale yosungiramo zinthu za Scott, Stevenson ndi mlakatuli Robert Burns, ndipo ine ndinkalowa osalipira. Panja pake miyala ya pansi adazokotapo mawu a alembi, moti umayenda ukuwerenga. Pafupi pomwepo, pamsewu wa George IV Bridge, pali Central Library. M'motentha bwino, ndipo khadi lobwerekera mabuku ndi laulere. Sikuti adangokokomeza a UNESCO pamene mu 2004 adasankha Edinburgh kukhala mzinda woyamba padziko lonse wotchedwa wa zolembalemba.

Namwino wa ku Luwinga:

Zonse mwanenazo n'zoona bambo, koma ine ndikuwonjezerepo china, chifukwa mwana amene wayamba kulira pafoni simungomutumiza pabenchi yekha. Ndidagwira ntchito ku Glasgow ndipo ndikudziwa chimene Novembala ndi Disembala amachita kwa munthu wochokera kuno. Ife timati Mzuzu n'kozizira tikaona kamvula kamawawa ka mu Juni. Kumeneko mu Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8:40 m'mawa, isanakwane 4 koloko madzulo kwada kale. Thupi limasokonezeka, tulo tosatha, mtima kulemera popanda chifukwa. Si ulesi ayi.

Choncho amayi, akatuluka azituluka masana, ngakhale theka la ola pakati pa makalasi. Paki ya The Meadows ili kuseri kwa laibulale yaikulu ya University of Edinburgh, sipofunika basi ngati akuphunzira chakumeneko. Agule jekete yosalowa madzi m'masitolo a kaunjika, kumeneko aliponso ndipo ndi otchipa. Ambulera asataye nayo ndalama, mphepo imaitembenuza. Akatswiri a zaumoyo kumeneko amalangiza kumwa vitamini D kuyambira Okutobala mpaka Malichi. Ndipo ngati kulirako kukupitirira, kusukulu kwawo kuli alangizi, komanso akalembetse kwa dokotala wa m'dera lake. Asachite manyazi.

Chachikulu, apeze anthu. A Malawi ku Scotland alipo ambiri, afunse kudzera ku Scotland Malawi Partnership kapena kutchalitchi. Paki imakoma muli awiri.

Mphunzitsi wa ku Chibavi:

Ine sindidapiteko, koma ndimaphunzitsa mabuku ku Fomu 3 ndi 4, ndipo ndawerenga zimenezi mtima ukundipweteka. Anzathu amamangira mlembi chipilala cha mamita 61. Ife mlembi wathu Legson Kayira, mwana wa ku Chitipa, wophunzira ku Livingstonia, adanyamuka wapansi mu 1958 kufunafuna sukulu mpaka adakafika ku Khartoum, koma ana anga ambiri dzina lake salidziwa. Amayi, mwana wanu akapita kumalo amenewa ajambule zithunzi anditumizireko kudzera kwa inu. Ndikufuna ndiziwonetse m'kalasi, ana adziwe kuti kulemba ndi ntchito yolemekezeka.

Mayi wa ku Mchengautuba:

Yewo chomene nonse. Ndidakopera mayina onse m'kope n'kumuwerengera limodzilimodzi, ngakhale ena lilime limakana. Anesi, mawu anu a dzuwa aja ndidamuuza momwe mudalembera, ndipo adakhala chete kenaka n'kuti, "Amama, ndimaganiza kuti ndine ndekha." Walonjeza kukalembetsa kwa dokotala Lolemba.

Dzulo masana foni idalira ndili kuseri ndikuchotsa zovala pachingwe. Kuyang'ana, chithunzi: iye wavala chipewa chaubweya mpaka m'makutu, kumbuyo kwake Livingstone ndi Baibulo lake, pambali mtsikana wina wa ku Zambia wa m'kalasi mwawo. Akuti mzinga uja udawadzidzimutsa onse awiri ngakhale ndidawachenjeza. Aphunzitsi, zithunzi zanu zilipo zinayi, ndiuzeni ndikutumizireni bwanji. Bambo a ku Katoto, akufunsa za phiri lija likuoneka chakum'mawa, la Arthur's Seat, akuti kodi nsapato wamba zingakwere kapena adikire chisanu chithe?