Kung'amba thabwa la inchi imodzi kuti atuluke awiri opyapyala popanda bandsaw

Mmisiri wa ku Ndirande:
Amisiri anzanga, ndithandizeni msanga chifukwa mwini katundu akubwera Loweruka. Ndili ndi oda ya kabati ya mbawa imene zitseko zake zikufuna mapanelo a mamilimita 8, ndipo mwiniwake wakanitsitsa pulayiwudi. Matabwa amene ndili nawo ndi a mainchesi 6 m'lifupi ndi inchi imodzi kuchindikala kwake. Kupala thabwa lathunthu mpaka lifike pa 8 n'kutaya ndalama, pakuti mbawa yodula chonchi ingothera mu utuchi. Bandsaw, makina ocheka ndi sowo yonga lamba wozungulira aja, ndilibe. Ndayesa kuimika thabwa pa makina a tebulo, kucheka mbali imodzi kenako kulitembenuza, koma mizere iwiriyo sikukumana pakati, buledi ikuwotcha thabwa, ndipo limodzi lomwe linatuluka bwino lapindika ngati chipande usiku umodzi wokha.

Kalipentala wa ku Mchesi:
Achimwene, musavutike ndi zimenezi. Gulani pulayiwudi wabwino, mumupake mtundu wofanana ndi mbawa, ndipo ntchito itha lero lomwe. Panelo ya thabwa lenileni imafufuma nthawi ya dzinja n'kunyala m'chilimwe, pomwe pulayiwudi sasuntha.

Mkulu wa ku Zomba:
Mizere ikapanda kukumana, yambani mwaika sikweya pa buledi ndi pa fensi, chitsulo chimene thabwa limatsamira pocheka, chifukwa kupendekeka pang'ono chabe kumaonekera kwambiri pa thabwa loimika. Fensi wamba ndi yaifupi, choncho mangiriranipo thabwa lowongoka lotalika pafupifupi mainchesi 6 kuti lomwe mukuchekalo litsamire lonse. Potembenuza, nkhope yomwe inatsamira fensi poyamba ndiyo itsamirenso kachiwiri. Ambiri amasokoneza pamenepa. Buledi ya mainchesi 10 imatuluka mainchesi atatu okha kapena kupitirirapo pang'ono, koma musaikweze yonse nthawi imodzi. Chekani pang'onopang'ono, mbali iyi kenako inayo, mukukweza, ndipo musiye kamzere kosacheka pakati koti mumalize ndi sowo ya manja. Kuwotchako kumabwera ndi buledi yobuntha kapena ya mano ambiri, imene imalephera kutulutsa utuchi. Yong'ambira imakhala ndi mano ngati 24.

Muwerengerenso bwino. Thabwa la mamilimita 25 mukaliwongola mbali zonse limatsala 22, buledi imadya 3, ndiye kuti lililonse lituluka 9 ndi theka. Pulena ikadutsapo, 8 mumupeza movutikira, ndipo thabwa lokhota ngakhale pang'ono silingakupatseni awiri.

Mmisiri wa ku Mzuzu:
Bambo a ku Zomba afotokoza bwino, koma ine ndikuchenjezeni, popeza kuchekaku kumafuna kuchotsa chotchingira buledi, ndipo buledi imabisika m'kati mwa thabwa pamene dzanja lili pafupi. Ndili wophunzira ndinaona mnzathu akumaliza thabwa la bulugama mwa njira imeneyi osasiya kamzere pakati. Thabwalo linatsekeka n'kupana buledi, makina analibweza ndi mphamvu, linamudutsa pafupi ndi nthiti n'kukaboola chitseko cha malata kumbuyo kwake. Musaime kumbuyo kwa thabwa, musakankhe ndi zala koma ndi kamtengo kokankhira, ndipo kachitsulo ka kumbuyo kwa buledi, koletsa thabwa kuipana, kakhalepo ngati makina anu akulola. Thabwa la mfundo kapena la mng'alu lisayandikire makinawo. Ndamvanso kuti ena amamanga buledi ya matabwa pa gulayinda. Wochita zimenezo pamalo panga ndimamuchotsa tsiku lomwelo.

Kalipentala wa ku Mchesi:
Mwamva nokha zoopsazi. Zala zanu n'zofunika kuposa panelo, n'chifukwa chake ndikuti pulayiwudi.

Mmisiri wa ku Ndirande:
Achimwene a ku Mchesi, ndanena kale kuti mwiniwake wakana, ndipo walipira ndalama ya mbawa. Nanga za kupindikazi nditani?

Gogo wa ku Dedza:
Mwana wanga, kupindikako n'chinyezi. Thabwa limauma kunja m'kati muli madzi, ndiye mukaling'amba, nkhope yatsopanoyo imayamba kuuma ndi kunyala, thabwa n'kupindikira komweko. Matabwa ambiri a pamsika amakhala atachekedwa posachedwa ngakhale wogulitsa alumbire kuti ndi ouma. Mukangong'amba, asanjikeni pamthunzi, muike timitengo tofanana pakati pawo kuti mphepo idutse mbali zonse, pamwamba mutsindike ndi njerwa, ndipo musawapale mpaka patapita masiku angapo. Popala, muchotse mofanana mbali zonse ziwiri. Lina limapindikabe ngakhale litauma, chifukwa mtengowo unakula mokhota, ndipo lotero palibe mankhwala ake.

Ife tinkang'amba ndi manja magetsi asanafike kwathu. Mumalemba mizere iwiri ndi geji kuzungulira thabwa lonse, mumalipana pa vaisi mopendekeka, mumayamba pa ngodya pamene mukuona mizere ya mbali ziwiri, kenako mumalitembenuza kawirikawiri kuti sowo isasochere. Sowo ikhale ya mano akuluakulu, anayi kapena asanu pa inchi, onoledwa ndi tupa mopingasa, osati yodulira ija. Muipake kandulo, ndipo mulowetse kamtengo kosongoka mumzere kuti thabwa lisaipane. Amene anaonapo anthu ocheka paini m'nkhalango, wina pamwamba wina pansi, akudziwa kuti mzere wowongoka sufuna magetsi. Mbawa si yolimba kwambiri pocheka. Mlombwa ndiwo ungakutopetseni.

Mmisiri wa ku Mzuzu:
Gogo, sowo zoterozo zikupezeka kuti masiku ano? Zambiri za m'sitolo zili ndi mano olimbitsidwa amene tupa siyiwagwira, ndipo zikabuntha n'zotaya.

Kalipentala wa ku Mchesi:
Gogo anena masiku angapo, pamene mwini katundu akubwera Loweruka. Mapanelo amenewo akaikidwa asanaume, adzang'aluka m'nyumba mwa kasitomala mwezi wa Okutobala ukafika, ndipo dzina loipa lidzakhala lanu. Mufotokozereni bwinobwino za pulayiwudi, avomera.

Mkulu wa ku Zomba:
Sadzang'aluka ngati panelo yalowa momasuka mumpata wa felemu popanda guluu kapena misomali, kuti izitha kufufuma ndi kunyala. Koma za Lowerukazo n'zoona, muimbireni mwiniwake mumupemphe sabata ina. Kodi mapanelowo ndi otalika bwanji, ndipo matabwawo munagula liti?